Mbale Yakuda ya Mayi Cecilia

Ndikuuzeni chinthu, inu mukane ngati mungathe: munthu atha kumwalira kawiri, ndipo kachiwiriko n'kuphedwa ndi simbi yositira malaya. Mwayamba kale kuseka. Sekani, mano ndi anu.

Ndikudziwa kuti dzina langa silinunkhira bwino mumpingo muno. Ndine Willie, yemwe uja ndinauza kwaya yonse kuti abusa asintha nthawi ya chikondwerero, ine n'kutsala ndekha ndi beseni la mandazi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti mmodzi wa ife apume. Komabe a Sande sukulu andipempha kuti ndilembe kanthu ka achinyamata, ati poti njira zokhota ndimazidziwa. Ndiye mverani. M'nkhani muno muli bodza limodzi lokha. Lisakeni, mukalephera ndikuuzani kumapeto.

Kuno ku Dar, ku Gongo la Mboto, ukapatuka pa msewu wa Pugu, kuli nyumba ya geti lobiriwira. Mwini wake ndi a Laurent Nkhwazi, mkulu wa mpingo, amene makolo awo anachokera ku Dedza kalekale. Anagwira ntchito ku doko mpaka imvi. Akazi awo, mayi Cecilia, anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anatsala ndi ana awiri: Eveles, namwino, ndi mzime wawo Kondie, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Linali khomo labwino. Pemphero m'mawa, pemphero madzulo, ndipo mwana akalankhula Chiswahili chokhachokha bambo ankangomuyang'ana mpaka Chichewa chituluke. Koma Loweruka masana, akatha kukolopa, a Laurent ankatsekula kabati ya pabalaza. M'menemo munali galamafoni ndi mbale zakuda za nyimbo za soulu ndi fanki, zija tinkavina makolo anu asanayambe kudwala mawondo.

"Usayambe ndi mapazi," ankatero kwa Kondie. "Yamba ndi khutu. Wamva besi? Ikuyenda ngati bwana wonenepa amene sathamangira daladala, minibasi zathu zija. Ng'oma ikumenya pa wani, kugunda koyamba kuja. Ukataya wani, wataya njira. Tsopano tamva malipenga, akuyankha ngati amayi a mvano."

Akatero ankadzuka, mkulu wa mpingo wathunthu, n'kuonetsa ana bampingi, gule wogundana m'chiuno uja, kenako wa loboti, kenako wotsetsereka chammbuyo ngati pansi athirapo sopo. Eveles ankaseka mpaka kugwira khoma. Kondie sankaseka. Ankaloweza. Pofika zaka khumi ndi ziwiri anali atawaposa bambo ake.

Wina atawafunsa ngati zimenezi n'zoyenera mkulu wa mpingo, a Laurent anati, "Davide anavina. Gule si tchimo. Funso ndi lakuti guleyo akukutengera kuti."

Malamulo a kabati anali atatu, ndipo ana ankawadziwa ngati Atate Wathu. Mbale uigwire m'mphepete. Uiike choimirira m'chikuto chake. Isaone dzuwa.

Kumapeto kwa mzere kunali mbale imodzi ya chikuto chachikasu imene munthu sankaikhudza. Ali anyamata, a Laurent ankaimba besi m'kagulu ka anzawo a ku doko, ndipo woimba wawo anali mtsikana wa kwaya dzina lake Cecilia. Anajambulitsa kamodzi kokha, mbale zochepa. Zina zinasweka, zina zinapita ndi eni ake kumanda. A Laurent anasaka Dar yense mpaka ku Tanga, osapeza ina. Mawu a mayi Cecilia padziko lonse lapansi anatsala m'mbale imeneyo basi. Ankaiika kamodzi pachaka, poopa kuti singano ingaidye.

Eveles anawapempha kangapo. "Baba, tiijambule pa foni."

"Amayi ako asakhale m'foni pamodzi ndi mavidiyo a amphaka," ankayankha choncho. Koma Eveles atapeza mwamuna, bambo anafewa. Kuno tili ndi mwambo wa sendiofu, phwando lotsanzikana ndi mwana wamkazi asanakwatiwe. A Laurent anati, "Tsiku limenelo ndidzavina nawe, amayi ako akuimba. Wa kamera adzajambule zonse. Ukatero udzapita nawo kubanja."

Tsopano alowe Keith.

Keith anali bambo wa zaka zapakati, wa nsapato zoyera ndi lilime la uchi, wopanda ntchito yodziwika. Anapeza Kondie pa siteji ya daladala akugwedeza phewa, nyimbo zili m'makutu.

"Kijana, mnyamata iwe, phewa limenelo si la ana a masiku ano. Wakuphunzitsa ndani?"

"Shikamoo," Kondie anapereka moni wa Chiswahili wolonjera akulu. "Ndi bambo anga."

"Marahaba. Nanga umavinira kuti?"

"Pabalaza."

Keith anaseka mpaka kutsokomola. "Pabalaza! Owonerera ake mipando? Iwe, magule akale abwerera. Ana a ku yunivesite akuthyoka misana kuphunzira pa foni zimene iwe unayamwira. Ku Mikocheni kuli malo, Lamulungu lililonse masana, nyimbo zakale zokhazokha. Tiye ukaone kamodzi."

"Lamulungu ndimakhala ku kwaya."

"Mulungu sasamuka, bwana mdogo. Umupeza sabata yamawa."

Anapita. Atangolowa m'bwalo, besi itagunda, anthu anapatuka okha. Kondie anatsetsereka chammbuyo, anazungulira, anagwa chotang'adza n'kudzuka osagwira pansi. Mafoni onse m'mwamba! Mtsikana wina anamupukuta thukuta ndi mpango wake. Keith anamuika botolo lozizira m'manja.

"Sindimwa."

"Si mowa uwu, ndi madzi a akatswiri."

Lamulungu lachiwiri anamwa awiri. Lachitatu anafika kunyumba dzuwa likulowa akununkha ngati thebulo la m'bala. A Laurent anali pakhonde.

"Mpando wako ku kwaya wayamba fumbi. Ukuyenda ndi yani?"

"Anzanga, baba."

"Mnzako amene amakufuna nthawi ya mapemphero yokha, umufunse kuti akukufuniranji. Ine ndinakuphunzitsa gule kuti m'nyumba muno mukhale chimwemwe. Sindinakuphunzitse kuti ukhale nyani wa anthu oledzera."

"Inu munkavina m'mabala momwemo muli anyamata."

Bambo sanakane. "Ndinkavina, inde. Tinali asanu. Funsa kuti atatu ali kuti."

Kondie analowa m'nyumba osafunsa.

Sipanapite nthawi, Keith anayamba nyimbo ina. Woika nyimbo wa ku Mikocheni ankakonda mbale zenizeni, ndipo wobweretsa mbale ankamwa ulere pamodzi ndi womuperekeza. Mwamva? Pamodzi ndi womuperekeza.

"M'kabati ya mdala muja muli chuma chongogona," anatero Keith. "Tenga imodzi."

"Kumeneko n'kuba."

"Kuba n'kutenga kwa eni. Za bambo ako n'zako, wangofulumira pang'ono. Usiye chikuto pamalo pake, utenge mbale yokha. Adziwa bwanji?"

Inapita yoyamba, n'kubwera ndi kamzere. Inapita yachiwiri, osabweranso. Eveles anapeza chikuto chopanda kanthu akupukuta fumbi, n'kumukokera mlongo wake kukhitchini.

"Kondie, sindiwauza baba chifukwa magazi awo amathamanga kale. Koma tandiyang'ana. Yachikasu ija usaiyandikire. Ine kubanja sindikupempha firiji kapena sofa. Ndikufuna mawu a amayi."

"Achemwali, mukundiyesa wamisala?"

"Ndikukuyesa woledzera. N'zoyandikana."

Kutatsala masiku asanu kuti sendiofu ichitike, kunamveka za mpikisano wa magule akale ku Tegeta, Loweruka lomwelo masana, wojambulidwa kuti dziko lonse lione. Keith anabwera maso akuwala.

"Aliyense akavinira nyimbo zimene foni imazidziwa. Wopambana ndi amene abwere ndi nyimbo imene munthu sanaimvepo. Ndipo iwe uli nayo."

"Ayi. Imeneyo ayi."

"Amayi ako anaimba kuti amveke kapena kuti atsekeredwe m'kabati ndi mphemvu? Ukuwabisa ngati ukuchita nawo manyazi. Tangoganiza: mwana akuvina, mayi akuimba, Dar yense akuonera. Ikafika faivi ibwerera m'chikuto. Mdala ali ku msonkhano wa akulu a mpingo tsiku lonse."

Mdyerekezi akafuna kukugwetsa sabwera ndi nyanga. Amabwera ndi dzina la amayi ako.

Kondie anatenga mbaleyo yopanda chikuto, n'kuiika m'jumbo yakuda. Keith anali atabwereka galimoto ya mnzake. Unali mwezi wa Febuluwale, uja phula la msewu wa Bagamoyo limamata nsapato. Atafika ku Tegeta anawauza kuti nthawi yawo ikadali kutali.

"Ndilowe nayo?" anafunsa Kondie.

"M'chipwirikiti chimenechi? Akuthyolera. Isiye apa pa dashibodi, titseke magalasi, palibe angaibe."

Lamulo lachitatu linamugogoda Kondie mumtima, ndikhulupirira. Koma mkati besi inali itayamba, ndipo wina anali atakweza kale botolo kumuitana. Analowa. Botolo linaitana linzake. Anatuluka patapita maola atatu.

Chitseko cha galimoto chinatulutsa mpweya ngati uvuni. Kondie anatsegula jumbo. Mbale inali itapindika ngati chapati yoiwalika pamoto, mbali iyi yakwera, iyo yatsika.

Woika nyimbo anaiyang'ana n'kupukusa mutu, komabe anaiyesa. Singano inkakwera ndi kutsika ngati bajaji, kanjinga kamoto ka mawilo atatu, pa mabampu. Koma mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa: mawu ankamveka. Ankagwedezeka, ankadumpha, koma anali mayi Cecilia, amoyo, akukweza vesi yawo. Anthu anaseka kuti nyimbo yaledzera. Kondie sanavine. Anaichotsa n'kutuluka nayo atainyamula ngati khanda.

"Ndikupita nayo kwa baba," anatero. "Ndikawauze."

"Ukawauze! Ukufuna sendiofu isanduke maliro? Mdala wa magazi othamanga uja? Khala phee. Chopindika chimawongoledwa. Kolala ya shati ikapindika umatani?"

Anapita kuchipinda kwa Keith. Iye anayala mbale pathebulo, anaifunditsa kanga, chitenje cha kuno, n'kulumikiza simbi kumagetsi.

"A Keith, munayamba mwachitapo zimenezi?"

"Kambirimbiri."

Anali asanachitepo ngakhale kamodzi. Musandifunse kuti ndikudziwa bwanji.

Simbi inatsika. M'chipinda munamveka fungo la tayala lopsa. Keith anakanikiza, anasita uku ndi uku akuimba mluzu, kenako anaitembenuza kuti mbali zonse zifanane. Atachotsa kanga, mbale inali yowongoka ndithu, mwaona. Koma timizere tija, tinjira ting'onoting'ono m'mene mumakhala mawu, tinali titafufutika. Inkawala ngati galasi, ulusi wa kanga utamatirira.

"Yakongola kuposa kale," anatero Keith, koma mawu ake anatuluka opyapyala.

Kondie anaibwezera m'chikuto chachikasu bambo asanabwere. Masiku anayi sanadye bwino. Kawiri anaima pakhomo la chipinda cha bambo ake, kawiri anabwerera.

Lachinayi holo inadzaza, Amalawi a ku Gongo la Mboto, a ku Tegeta, anamwino anzake a Eveles, ndi akuchimuna atakhala kutsogolo. Inenso ndinalipo, thebulo lachitatu, mwendo wa nkhuku m'manja. Cha m'ma folo koloko woyendetsa mwambo anati bambo a mkwatibwi ali ndi mphatso. A Laurent anatulukira atavala bugaluu, buluku lija lotambalala kumapazi, ndi nsapato zazitali za raizoni zimene anasunga zaka makumi anayi. Nthungululu zinang'amba denga. Anaika galamafoni yawo pathebulo, wa kamera n'kuyandikira.

"Mwana wanga," anatero, "amayi ako analonjeza kuti adzaimba pa tsiku lako. Sanali munthu wophwanya lonjezo."

Anasolola mbale. Chala chawo chinadziwa maso asanaone. Ndinaona nkhope ikusintha. Komabe anaiika, n'kutsitsa singano.

Siii. Singano inatsetsereka kuchoka m'mphepete mpaka pakati, osapeza pogwira.

Anaibweza. Siii.

Eveles anagwira pakamwa. Kenako mpando unagwa kumbuyo, Kondie akubwera pakati pa anthu. Anagwada pa simenti, suti yatsopano ili pathupi.

"Ndine, baba. Ndinaiba. Ndinaisiya padzuwa m'galimoto ku Tegeta, ine ndikumwa mowa."

A Laurent sanakweze mawu. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Dzuwa limapinda. Silifufuta. Chachita ichi n'chiyani?"

"Simbi."

"Isanafike simbi, inkaimba?"

"Inkaimba, baba. Mokhota, koma inkaimba."

Mdala anatseka maso. "Ukanabwera nayo. Magalasi awiri, mabuku olemera pamwamba, ndi kudikira. Ndawongolapo zambiri. Ngakhale ikanakana, tikanajambula mokhota momwemo. Ndikanakukalipira tsiku limodzi, amayi ako n'kukhalapo." Anatsegula maso. "Nzeru ya simbi anakupatsa ndani?"

Kondie anayang'ana pansi. "Ndine ndekha."

Ine ndinazyolika, maso pa nkhuku yanga ija.

Amene anapulumutsa tsikulo ndi Eveles. Anapukuta misozi mosamala kuti asawononge zodzola, anatsika pa mpando wake wamaluwa, n'kugwira dzanja la bambo ake.

"Baba, besi munkaimba ndinu. Iimbeni ndi pakamwa."

Anayamba motsitsa, dum, dum-dum, dum. Amayi a mvano anagwira wani ndi m'manja. Bambo ndi mwana anavina bampingi pang'onopang'ono, raizoni zikugogoda simenti. Koma atafika pamene mawu a mayi Cecilia amayenera kulowa, a Laurent anaima, khutu atatchera, ngati munthu wodikira mnzake pa siteji. Palibe analowa. Wa kamera anajambula zimenezo, ndipo ndi zimene Eveles anapita nazo kubanja.

Kondie anasiya mowa tsiku lomwelo. Ku Mikocheni sanapondekonso. Anabwerera ku kwaya, amakhala mzere wakumbuyo, ndipo nyimbo ikakoma mapazi ake amangonjenjemera pansi pa benchi. Bambo ake anamukhululukira pamaso pa abusa, ndi mtima wonse. Koma kukhululuka sikubwezera timizere m'mbale. Kabati ija Loweruka siitsekulidwanso.

Mwezi watha ndinawapeza a Laurent pakhonde. Anati, "Willie, dzulo ndimayesa kukumbukira m'mene Cecilia ankakwezera vesi yachiwiri. Nkhope ikubwera. Mawu sakubwera." Ndiko kumwalira kwachiwiri ndinakuuzani kuja. Mukusekabe?

Tsono achinyamata, chenjezo langa ndi ili, ndipo sindilikulunga m'pepala. Nyimbo zija n'zabwino, vinani, zilibe mlandu. Koma munthu amene akukuchotsani m'nyumba ya Mulungu kuti mukasangalatse oledzera si mnzanu. Amene akuti kutenga za makolo mobisa si kuba, ndi wakuba amene akubwereka manja anu. Mowa umaiwalitsa lamulo limene unaliloweza uli mwana. Ndipo koposa zonse, ukalakwa, pita nacho chopindikacho kwa bambo ako tsiku lomwelo, chikadaimba. Tchimo limapinda, koma chimene chimapha ndi simbi yobisira tchimolo.

Latsala bodza lija. Ena mukuti ndi galimoto, ena mukuti ndi raizoni za zaka makumi anayi. Ayi, zonsezo n'zoona, kafunseni.

Bodza ndi Keith. Munthu wa dzina limenelo kulibe, ndamupeka. Nsapato zoyera zili pansi pa bedi langa, ndipo simbi ija ndi yanga, mpaka lero ili ndi banga lakuda kunsi kwake. Mwana uja anagwada yekha pa simenti n'kundibisa, ine ndili pa thebulo lachitatu ndi nkhuku m'manja.

A Laurent, ndikudziwa kuti kapepala ka mpingo mumakawerenga pakhonde mukangofika kuchokera ku tchalitchi. Mukafika pa mzere uno, kwezani maso. Ndaima pa geti lanu lobiriwira.